Kukunkha m'mipukutu ya makobidi a kubanki

Kawiri pa mwezi ndimapita kubanki yathu kuno ku Indiana, m'dziko la America, kukagula ndalama ndi ndalama. Ndimapereka madola 100, iwo n'kundipatsa bokosi la makobidi a masenti asanu, amene eni dziko amawatchula kuti nickel. M'bokosimo mumakhala mipukutu 50 yokulungidwa m'mapepala, mpukutu uliwonse makobidi 40, onse pamodzi 2,000. Nickel imodzi imalemera magalamu 5, choncho katunduyo ndi wa makilogalamu 10, wofuna manja awiri. Bokosi la ma penny, timakobidi ta senti imodzi tija, ndi la madola 25 ndipo mumakhala 2,500. Tikadya mgonero wa Loweruka, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11 timayala thaulo lakale patebulo, n'kuyamba kumasula mipukutuyo umodziumodzi. Khobidi lililonse timaliyang'ana chaka chake ndi kachilembo kosonyeza kumene linasulidwa: D ndi Denver, S ndi San Francisco, ndipo la P kapena lopanda chilembo nthawi zambiri ndi la ku Philadelphia. Ochepa amene atikopa timawapatula. Otsalawo amabwerera kubanki.

Mlamu wanga atatipeza tsiku lina zala zili bii ndi litsiro la makobidi, sanabise mawu. "Alamu, munthu wa ntchito ziwiri ngati inu, nthawi yotaya chonchi mumaipeza kuti? Nanga mwapezapo zingati?" Funso loyambalo silinandivute, poti aliyense ali ndi popumira pake, wina pa mpira, wina pa bawo. Lachiwirilo ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha, chifukwa ndi funso lomwelo limene likuwononga masewerawa m'dziko muno.

Zoona zake n'zakuti phindu la ndalama mulibe. M'bokosi la ma penny ine ndimapeza mwina khumi a mtundu wakale wa ngala ziwiri za tirigu kumbuyo, amene ankasulidwa kuyambira 1909 mpaka 1958. Ambiri amakhala a m'ma 1940 ndi 1950, ndipo wogula makobidi akale sangakupatseni zoposa masenti ochepa pa limodzi. Sangachitire mwina, poti mu 1944 mokha, ku Philadelphia kokha, anasula ma penny oposa 1.4 biliyoni. M'bokosi la ma nickel mumadzaza a 1964, ndipo munthu wongoyamba kumene amasangalala kuona chaka chakale chotere, osadziwa kuti olembedwa chaka chimenechi anasulidwa oposa 2.8 biliyoni. Mukawerengera mafuta a galimoto ndi maola atatu a usiku, ola limodzi la ovataimu kuntchito limabweretsa zambiri kuposa mwezi wathunthu wa patebulo.

Pa YouTube ndi Facebook simudzamva zimenezi. Kumeneko kuli anthu otong'ola maso pachithunzi, olonjeza kuti khobidi la m'thumba mwanu likhoza kukugulirani nyumba. Nkhani imene amaikonda kwambiri ndi ya penny ya 1943. Chaka chimenecho mkuwa unkafunika kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiye boma linasula ma penny achitsulo chokutidwa ndi zinki, otuwa mbuu. Mwangozi, tizidutswa tochepa ta mkuwa totsala chaka cham'mbuyo tinalowa nawo m'makina, n'kutuluka ma penny a mkuwa olembedwa 1943. Imodzi ya ku Denver inagulidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Mpaka apa sakunama. Chimene amabisa n'chakuti enieniwo ndi owerengeka, osakwana ngakhale 50, pamene achinyengo, achitsulo opakidwa mkuwa pamwamba, ali mbwee. Maginito a pachitseko cha filiji amaweruza mlanduwo nthawi yomweyo: khobidi likakakamira, ndi lachitsulo. N'chimodzimodzinso ndi penny yotchuka ya 1909 ya ku San Francisco, yokhala ndi zilembo VDB za amene anaijambula, Victor David Brenner. Anasula 484,000 okha, ndipo anthu akhala akuwasaka kwa zaka zoposa 100. Munda umenewu unakololedwa kalekale. Ife tikungokunkha.

Mawu amenewa ndawasankha dala. Kwathu eni munda akakumba mtedza wawo, ana ndi azigogo amalowa pambuyo ndi timakasu ndi tizitini, kufukula wotsalira m'nthaka. Palibe analemerapo ndi kukunkha, ndipo wokunkha wanzeru sayembekezera kudzaza nkhokwe. Komabe si ntchito yachabe. Mtedza umene ukanawolera pansi umapulumuka, ndipo mwana amaudziwa munda ndi zala zake. Pa zifukwa ziwiri zomwezi ndimaikira kumbuyo masewera a makobidiwa, ndipo ndimati munthu wowachita ndi mtima wa wokunkha asachite nawo manyazi.

Usiku wina chaka chatha mwana uja anaima pakati pa mpukutu. "Adadi, iyi yada mosiyana ndi zinzake." Inalidi yoderapo, ngati supuni yakale yoiwalidwa m'dilowa. Ataitembenuza, pamwamba pa denga la nyumba yojambulidwa kumbuyo panali P wamkulu, woonekera ngakhale popanda galasi lokulitsa. Chaka chake 1943. Kuyambira chakumapeto kwa 1942 mpaka 1945, m'makobidi amenewa munalibe chitsulo cha nickel chimene anatengerako dzina, chifukwa chinkafunika popanga zida zankhondo. M'malo mwake anasakaniza mkuwa 56 peresenti, siliva 35 peresenti ndi manganese 9 peresenti, n'kuikapo chilembo chachikulucho kuti nkhondo ikadzatha adzawazindikire msanga powachotsa. Sanathe kuwachotsa onse. Iyi inayenda m'matumba mwa anthu zaka zoposa 80 mpaka kudzagwera pa thaulo lathu. Mwanayo ananyamuka kuti akaikweche iwale, magazi a agogo ake amene salola poto kugona ndi mwaye, koma ndinamugwira dzanja. Khobidi lakale silitsukidwa. Ukalikwecha umachotsa khungu limene zaka zinaliveka, ndipo odziwa saliyang'ananso kawiri.

Siliva wa mu nickel imeneyi ndi magalamu 1.75, sangagule ngakhale nkhomaliro. Koma usiku umenewo tinacheza za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka 11 koloko, ndipo ndinamuuza zimene kusukulu kwake sadzamuuza: kuti pamene khobidili linali latsopano, anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles ankamenya nkhondo yomweyo, ena mpaka ku Burma, ndipo kuti ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a gulu limeneli. Akadzapita kumudzi akufuna tikachione.

Nyumba ya kumbuyo kwa nickel ija ndi Monticello, ku Virginia, kwawo kwa Thomas Jefferson, amene nkhope yake yakhala pa khobidili kuyambira 1938. Mwana akafunsa kuti nyumbayo ndi ya yani, kholo la khungu lakuda silingangoti ndi ya pulezidenti wachitatu n'kulekera pomwepo. Jefferson, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anali ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake, ndipo ambiri ankakhala ndi kukhetsa thukuta pamalo omwewo ojambulidwa pa khobidi. Pa penny pali pulezidenti wina, Abraham Lincoln, amene mu 1863 analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zoukira boma. Anamuikapo mu 1909 pokumbukira zaka 100 chibadwire chake. Ndiye kuti m'chikhatho cha munthu wolandira masenti 6 mumakhala mwini akapolo ndi womasula akapolo atagundana mitu. Tikachita mwayi timapezanso nickel ya njati, ya pakati pa 1913 ndi 1938, imene kutsogolo kwake kuli nkhope ya mwamuna wa mitundu ya eni nthaka a dziko lino. Kawirikawiri chaka chimakhala chitafufutika, poti anachiika pamalo otukuka pomwe zala zimakhula. Ngakhale yofufutikayo imadzutsa funso: njatizo zinapita kuti, nanga anthuwo anawatani? Mwana wobadwira kuno, wa makolo obwera, amafunika khomo lolowera m'mbiri ya dziko limene akukuliramo, ndipo palibe khomo lotchipa kuposa ili, limene ndalama yoyambira imabwerera pafupifupi yonse m'thumba sabata yotsatira.

Otsutsa alipo, ndipo ena mfundo zawo n'zomveka. Yoyamba ndi ya ogwira ntchito kubanki. Banki imalipira makampani a magalimoto onyamula ndalama kuti abweretse mabokosiwo ndi kudzatenganso obwezedwa, koma pa ntchito yonseyi sipezapo kanthu. Amene amanyamula makilogalamu 10 aja kuchokera kuchipinda chosungira ndalama ndi mayi wa pakauntala, amene malipiro ake si ochuluka. Ine ndinaziphunzira izi nditalakwa kale. Masiku oyamba ndinabweza makobidi 2,000 m'thumba lapulasitiki, osakulunga, Lachisanu madzulo, tsiku lolandira malipiro, mzere utafika pakhomo. Mayi wachikulire amene anandithandiza sanandikalipire. Anangonena motsitsa mawu kuti makina awo owerengera anawonongeka, ndipo kuti iwo ndi mnzawo adzatsalira kukulunga pamanja akatseka. Ndinawabera ola la kunyumba kwawo kuti ine ndisangalale ndi mwana wanga. Chiyambire tsiku limenelo ndimaitanitsa bokosi limodzi lokha, zobweza ndimakulunga ndekha, ndipo ndimapita Lachiwiri m'mawa kusanadzaze anthu.

Pali ena amene amaitanitsa mabokosi khumi pa sabata kubanki imodzi, n'kukakhuthula ku ina kumene anatsegula akaunti ya timadola tochepa pongofuna potayira. Pakati pawo amaitchula poyera kuti banki yotayirako. N'zosadabwitsa kuti mabanki ena amalipiritsa pa bokosi lililonse, ena amangokaniratu. Sindingawaimbe mlandu. Wokunkha amalowa m'munda mwa chifundo cha mwini, ndipo wina akabwera ndi ngolo, mwini munda amatsekera onse, ngakhale mwana wa kachitini. Ndikanakhala woyang'anira banki, ndikanalola bokosi limodzi kapena awiri pa mwezi kwaulere kwa kasitomala aliyense, n'kulipiritsa mokwanira wofuna oposa pamenepo. Wa ngolo azilipira ngolo yake, banja lisavutikire dyera la mnzake.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti ife timasowetsa chenji. Mlandu umenewu ndi wakale. Makobidi atasowa m'zaka za m'ma 1960, akuluakulu a boma, kuphatikizapo mkulu wa nthambi yosula ndalama, Eva Adams, analoza chala osonkhanitsa makobidi. Pofuna kuwagwetsa mphwayi, anapitiriza kusula makobidi olembedwa 1964 chakacho chitatha kale, n'chifukwa chake a 1964 sasowa m'mpukutu mpaka lero, ndipo kuyambira 1965 mpaka 1967 anachotseratu tizilembo ta malo osulira. Koma gwero la vutolo linali kwina. Makina ogulitsira zinthu omeza makobidi anali atachuluka, chuma chinkakula, ndipo siliva atayamba kukwera mtengo, aliyense ankabisa makobidi a siliva kunyumba, ngakhale amene sanasonkhanitsepo kanthu.

Lero mlanduwu wadzukanso chifukwa penny yatha. Kusula imodzi kunkadya masenti 3.69 mu 2024, ndipo mu February 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti aleke. Yomaliza ya mtundu woyenda m'manja mwa anthu inasulidwa ku Philadelphia pa 12 November 2025, patatha zaka 232 chiyambire mu 1793. Ikadali ndalama yovomerezeka, koma masitolo ena ayamba kusowa chenji, n'kumakweza kapena kutsitsa bilu kuti ithere pa masenti asanu. Kodi munthu wotenga bokosi la 2,500 nthawi ngati ino si wodzikonda? Tiyeni tiwerenge. Wokunkha amapatula khumi kapena makumi awiri, otsala onse n'kuwabweza atakulungidwa bwino, okonzeka kupita kusitolo. Ma penny osowawo ali m'mabotolo ndi m'madilowa a nyumba iliyonse, mmene anthu amawaponya akalandira chenji osawatulutsanso. N'chifukwa chake boma linkasula mabiliyoni chaka ndi chaka, ngati kutunga madzi ndi dengu.

Amene ndimatsutsana nawo ndi mtima wonse ndi ounjika mkuwa. Kufikira 1982, kupatula chaka cha chitsulo chija, penny ya Lincoln inali mkuwa 95 peresenti, yolemera magalamu 3.11. Chaka chimenecho anasintha n'kukhala zinki yokutidwa ndi kamkuwa pamwamba, magalamu 2.5. A 1982 alipo a mitundu yonse iwiri, ndipo kasikelo kakang'ono ndi kamene kamawasiyanitsa, ngakhale ena amangowagwetsa patebulo n'kutchera khutu, poti ya mkuwa imalira ngati kabelu pamene ya zinki imangogogoda. Mkuwa wa mu penny yakale ndi wa mtengo woposa kawiri senti imodziyo. Choncho pali anthu amene sayang'ana n'komwe chaka. Amakhuthulira mabokosi m'makina osankha mkuwa, n'kudzaza zidebe m'galaja, kudikira tsiku limene boma lidzalole kusungunula. Kuyambira December 2006 kusungunula ma penny ndi ma nickel n'koletsedwa, ndipo chilango chake chimafika chindapusa cha madola 10,000 kapena zaka zisanu m'ndende. Kusunga kokha si mlandu, koma tisanamizane kuti amenewa ndi anzathu. Ndi iwo amene amachotsa makobidi masauzande m'manja mwa anthu, ndipo maso awo ali pa ng'anjo. Kwa iwo penny ya 1962 ndi magalamu basi, monga mmene wogula zitsulo zakale amaonera waya.

Dyera lotere limabera ngakhale obwera pambuyo. Mu 1950 ku Denver anasula ma nickel 2,630,030 okha, ochepetsetsa pa ma nickel onse a Jefferson oyenda m'manja mwa anthu. Mbiriyo itamveka, amalonda anagula mipukutu yathunthu n'kuitsekera isanafike m'masitolo. Lero nickel imeneyi, yonyezimira ngati ya dzulo, mukhoza kuigula mosavuta kwa ogulitsa, koma m'bokosi la kubanki ndi yosowa zedi. M'buku lathu labuluu la mabowo, mmene bowo lililonse lili ndi chaka chake, la 1950-D likadali pululu. Mlamu uja anati ndingoigula pa intaneti nkhani ithe. Ndinakana, ndipo mwanayo anakana kuposa ine. Iye amati yogula siwerengedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mipukutu imene imandigwira mtima kwambiri si ya makina ayi, koma yokulungidwa pamanja ndi makasitomala. Kamodzi tinamasula umodzi wa pepala lofiirira ndi ukalamba, wolembedwa ndi pensulo pambali, ndipo ma penny onse 50 anali a tirigu, ondandalikidwa motsatira zaka. Zotere sizichitika mwangozi. Munthu wina anawatola limodzilimodzi kwa zaka zambiri, ndipo atachoka, otsala anawanyamula kukasinthitsa masenti 50. Tinasangalala, koma ine chisangalalocho chinali ndi chisoni mkati. Chosungidwa popanda mwana wophunzitsidwa chimabwerera kubanki mwini wake akangotsikira kulichete.

Ndipo nthawi ikutha. Canada inaleka kusula penny yake mu 2012, n'kuleka kuigawa mu February 2013, ndipo obwerera kubanki anatengedwa kukasungunula. Timawapezabe apo ndi apo m'mipukutu yathu, a masamba a mtengo wa maple, poti malire sali kutali. Sindikuona penny ya America ikupulumuka njira yomweyi, ndipo nickel, imene kusula kwake kunadya masenti 13.78 mu 2024, ikulondola pambuyo. Tsiku lowasonkhanitsa likadzafika, makina sadzawerenga chaka. Ya tirigu ya 1919 idzalowa m'moto limodzi ndi ya zinki ya 2019. Kupatula za m'nyumba zosungira zakale ndi za anthu olemera, zodzatsala ndi zimene anthu wamba anapatula patebulo la kukhitchini.

Ndikulankhula monga munthu amene anaona ndalama ikuzimirira popanda woisunga. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi, shileni ndi khobidi. Ndili mwana, pa 1 tambala panali tambala weniweni, pa 10 tambala chimanga, pa 20 tambala njovu ndi mwana wake, kuseri kwake nkhope ya Kamuzu. Mitengo inakwera, ogulitsa n'kuyamba kuwakana, ife n'kumawaseweretsa pabwalo mpaka anatayika mumchenga. Lero mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amamva akulu akuti ndilibe ngakhale tambala, koma tambalayo sanamugwirepo. Asanabwere amenewo kunali makobidi a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, obooka pakati, la penny lokhala ndi njovu ziwiri, la theka lake nyamalikiti. Ambiri a ife tikafuna kuona ndalama zathu zakale timaziona pa intaneti, kwa ogulitsa a kunja, pamtengo wa madola. Sitinakunkhe nthawi ikadalipo.

Mwezi wathawu ndinaimbira achemwali anga kumudzi kuti ayang'ane m'sutikesi ya malemu bambo athu, mmene ankasungamo malisiti a msonkho ndi makadi a kutchalitchi. Pansi penipeni anapeza kachitini ka mafuta odzola, ndipo m'kati mwake makobidi asanu ndi awiri: ma 20 tambala atatu, ma 10 tambala awiri, 1 tambala imodzi yakuda bii, ndi khobidi lobooka la 1957. Adzabwera ndi m'bale wathu wina amene akudza kuno miyezi ikubwerayi, ndipo mwana uja wawakonzera kale tsamba lawolawo kumapeto kwa buku labuluu. Achemwali anafunsa ngati awakweche kaye ndi phulusa asanawatumize. Ndinawapempha kuti awasiye mmene alili.